Mmene mungakonzere ukwati wa Myuda ndi Mkhristu motsogozedwa ndi rabi

Kwathu tsiku la ukwati sitichita kufunsana, ndi Loweruka. Holo timasungitsa ya Loweruka, akwaya amadziwa kuti Loweruka alibe kothawira, ndipo achibale akumudzi amakwera basi Lachisanu. Ndiye mwana wathu amene ali ku Johannesburg, ku London kapena ku New York akagwa m'chikondi ndi Myuda, amapunthwa pa mwala womwewu. Amalipira holo ya Loweruka masana, makadi n'kusindikiza, kenako ndiye n'kuyamba kufunafuna rabi, mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda, woti adzadalitse. Rabi amamvetsera bwinobwino, n'kunena mofatsa kuti tsikulo ndi Sabata ndipo iye sangabwere. Ndalama zapita, apongozi akwinya nkhope ukwati usanayambe n'komwe.

Rabi si munthu womuitana pomaliza ngati wojambula zithunzi. Muoneni ngati nkhoswe: amafikiridwa nkhani isanapse, amafunsa mafunso owawa, ndipo tsiku, malo ndi mawu a mwambo zimatsata zimene mwapangana naye.

Yambani inu awiri, chitseko chili chotseka

Musanaimbire foni m'busa kapena rabi, khalani pansi mukambirane za ana. Ambiri amaizemba nkhaniyi, amati tidzaona akadzabadwa. Koma mbali zonse ziwiri zidzakufunsani pa ulendo woyamba, ndipo n'zamanyazi kuyamba kutsutsana pamaso pa mlendo.

Pa chilamulo cha Chiyuda, chimene eni ake amati halakha, mwana ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda. Ife amene tinakulira m'mbumba, kumene mwana ndi wa kuchikazi ndipo mwini wake ndi malume, sitivutika kumva zimenezi. Pa banja lanu zikutanthauza kuti mkwatibwi akakhala Myuda, ana ake adzawerengedwa Ayuda. Myudayo akakhala mkwati, magulu a Ayuda otchedwa Orthodox ndi Conservative sadzawawerenga anawo pokhapokha atalowa Chiyuda mwa mwambo. Gulu lina, la Reform, ku America anasintha mu 1983, n'kunena kuti kholo limodzi likukwanira, kaya bambo kaya mayi, bola mwanayo aleredwe poyera ngati Myuda. Ndiye funsanani zenizeni. Mwana wamwamuna akabadwa, adzadulidwa pa tsiku la 8 pa mwambo wa brit milah? Adzabatizidwa? Pofika zaka 13 adzakhala akukonzekera bar mitzvah, mwambo womulandira ngati wamkulu pa chipembedzo, kapena akuphunzira katekisimu? Pa Khirisimasi m'nyumba mudzakhala zotani, nanga pa Pasaka? Simumaliza zonse usiku umodzi, koma mudziwe pamene mukugwirizana ndi pamene pali mfundo yosamasuka.

Nkhani ya kutembenuka idzatuluka, kaya kwa inu kaya kwa makolo. Ayuda sakopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo, ndipo njira yake ndi yaitali: kuphunzira chaka kapena kuposerapo, kuima pamaso pa bwalo la anthu atatu lotchedwa beit din, kumizidwa m'madzi a mikveh, ndi mdulidwe kwa mwamuna. Wolowa amasiya chikhulupiriro mwa Yesu, palibe zogwira kuwiri. Ngati mtima wanu uli kumeneko, ukwati wanu udzakhala wa Ayuda awiri ndipo zambiri za pansipa sizikukukhudzani. Koma kulowa chabe kuti apongozi agone tulo, rabi wanzeru adzakuletsani yekha.

Kenako funani rabi, padakali chaka chathunthu

Ayuda alibe papa kapena sinodi imodzi yolamula onse. Ali m'magulu, ndipo yankho lidalira khomo limene mwagogoda.

Rabi wa Orthodox sadzamangitsa ukwatiwu, ndipo kumuchonderera n'kutaya nthawi. Sikuti amakudani. Pa chilamulo chake, ukwati wa Chiyuda, wotchedwa kiddushin, umatheka pakati pa Ayuda awiri okha. Wa Conservative, amene ku Britain ndi maiko ena amati Masorti, nayenso ndi womangika manja: bungwe lawo la Rabbinical Assembly limaletsa mamembala ake, ngakhale kuti kuyambira 2018 amaloledwa kubwera ngati alendo. Khomo lotseguka lili kwa a Reform, a Reconstructionist, a Liberal, a Humanistic ndi arabi oima paokha. Ngakhale kumeneko si onse. Bungwe la arabi a Reform ku America linanena mu 1973 kuti silikondwera nazo, koma linasiyira rabi aliyense kutsata chikumbumtima chake, ndipo lero ambiri amavomera. Chawakankha n'chiwerengero. Kafukufuku wa Pew Research Center wa 2020 anapeza kuti mwa Ayuda a ku America amene analowa m'banja kuyambira 2010, anthu 61 pa 100 alionse anatenga munthu yemwe si Myuda. Ku South Africa nthaka ndi yolimbirapo, chifukwa masunagoge ambiri a ku Johannesburg ndi Cape Town ndi a Orthodox. Kumeneko kayambireni ku masunagoge a Progressive, amene ndi a Reform a kumeneko, koma mupite mukudziwa kuti akhoza kukana.

Poyambira pabwino ndi kwa rabi wa banja la mnzanuyo, ngakhale mukudziwa kuti akana. Mwapereka ulemu, ndipo kawirikawiri amakulozerani kwa mnzake amene angavomere. Ku America ndi Canada kulinso bungwe la 18Doors limene limathandiza mabanja otere kupeza rabi.

Mukakumana naye, musapite kukangomwetulira. Safunsa anadya phula. Mufunseni ngati angaime pamodzi ndi m'busa kapena wansembe, chifukwa arabi ambiri amene amavomera ukwati wotere amafuna kutsogolera okha, ndipo ovomera kugawana mwambo ndi ochepa. Mufunseni ngati akufuna mulonjeze kulera ana m'Chiyuda, ngati pali maphunziro oti mulowe, kuti mudzakumana kangati, ngati angalowe m'tchalitchi, ndi ngati dzina la Yesu lingatchulidwe. Za malipiro ndi thiransipoti funsaninso tsiku lomwelo, si chipongwe. Ngati mfundo zake zikukukakamizani kulonjeza zimene simudzachita, thokozani n'kupita kwina.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimakopa Akhristu ambiri. Pali atsogoleri a magulu a Messianic, okhulupirira Yesu koma ovala ndi kupemphera mwa Chiyuda, ndipo ena amadzitcha arabi. Mkhristu amaona ngati wapeza mlatho weniweni. Koma palibe gulu lililonse la Chiyuda, ngakhale lomasuka chotani, limene limawawerenga ngati arabi, ndipo banja la mnzanu lidzamva ngati mwalitchera msampha. Funsani kumene rabiyo anaphunzira ndi bungwe limene linamudzoza.

Uzaninso akuluakulu a kwanu msanga ngati rabi wanu ndi mayi. Si zachilendo: Regina Jonas anadzozedwa ku Germany mu 1935, Sally Priesand ku America mu 1972. Kungoti agogo asadzayambe kufunsa mokweza kuti abusa aja ali kuti pamene mayiyo waima kale kutsogolo.

Pitani kwa abusa kapena kwa bambo mfumu

Ngati ndinu Mkatolika, pali mapepala, ndipo amatenga nthawi. Myuda ndi munthu wosabatizidwa, choncho malamulo a Mpingo, pa kanoni 1086, amati ukwatiwo sungakhale wovomerezeka popanda chilolezo cha episkopi. Chilolezocho mumapempha kudzera kwa bambo mfumu wa parishi yanu. Ngati mukufuna kuti rabi ndiye amangitse, kapena kuti mwambo uchitikire kunja kwa tchalitchi, pamafunika chilolezo chachiwiri, cha pa kanoni 1127. Maepiskopi amapereka, makamaka podziwa kuti banja la Chiyuda limavutika kulowa m'tchalitchi. Mkatolika amalonjeza kusunga chikhulupiriro chake ndi kuchita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Mpingo. Kuyambira 1970, pamene Papa Paul VI anasintha lamuloli, mnzake yemwe si Mkatolika salonjeza kanthu, amangodziwitsidwa. Onani tsono pamene pali mfundo: rabi akhoza kufuna lonjezo la ana a Chiyuda, wansembe lonjezo la ana a Chikatolika. Musalonjeze konsekonse n'kumati zidzadziwika zokha. Muwauze onse awiri zoona, ndipo ngati n'kotheka alankhulane okha.

Dziwaninso kuti pa ukwati wotere sipakhala Misa, ndipo Mpingo sulola kuti wansembe ndi rabi afunse malumbiro onse awiri, aliyense mwa mwambo wake, kapena kuti muchite maukwati awiri achipembedzo. Mmodzi amafunsa malumbiro, winayo amawerenga mawu, kupemphera ndi kudalitsa. Maparishi ambiri amafuna muwadziwitse padakali miyezi 6.

M'mipingo ina zimadalira abusa ndi akuluampingo. Ena adzakutsegulirani 2 Akorinto 6:14, za goli limodzi ndi osakhulupirira, n'kutseka nkhani. Ena adzavomera kudzapemphera. Chimene muyenera kupangana nawo mosapita m'mbali n'chakuti tsikulo si la msonkhano wa chitsitsimutso. Abusa athu ena akaona khamu la anthu osabatizidwa mtima umawayabwa, ulaliki wa mphindi 5 n'kusanduka woitanira anthu kutsogolo. Zikatero mwataya banja lonse la kuchimuna kapena kuchikazi tsiku limodzi.

Musaiwale boma

Kudalitsa n'kwina, kulembetsa n'kwina. Ku England ndi Wales lamulo limapatsa rabi mphamvu yomangitsa ukwati pokhapokha onse awiri ali Ayuda, ndiye mumayamba mwalembetsa ku ofesi ya kaundula, kumene salola mapemphero kapena nyimbo za chipembedzo, kenako n'kudzachita mwambo wa madalitso. Chidziwitso cha ukwati chimaperekedwa ku ofesiyo masiku osachepera 29 tsiku lisanafike, ndipo kwa mlendo wa viza akhoza kuwonjezera mpaka masiku 70. Ku America mumatenga chilolezo cha ukwati ku ofesi ya m'dera lanu ndipo rabi amasainira. Ku South Africa womangitsa ayenera kukhala wovomerezedwa ndi Home Affairs. Ku Israel kulibe ukwati wa boma, zonse zili m'manja mwa atsogoleri a zipembedzo, n'chifukwa chake mabanja otere amakakwatirana kunja, makamaka ku Cyprus, n'kudzalembetsa pobwerera. Ngati mukulota ukwati wa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi rabi atachokera kunja, za kaundula malizirani kwa DC padera, iye adzangotsogolera mwambo.

Tsopano ndiye sankhani tsiku ndi malo

Sabata limayamba dzuwa likamalowa Lachisanu, n'kutha Loweruka nyenyezi zikaoneka. Pa mwambo wa Chiyuda ukwati suchitika m'maola amenewo. Arabi ena a Reform amalola Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe, koma musawerengere zimenezo musanamve pakamwa pake. Kudikira kuti Sabata lithe kumatheka m'nyengo yozizira. Ku Johannesburg mu June limatha cha m'ma 6 koloko madzulo, pomwe ku London mwezi womwewo mpaka 10 koloko usiku idutse. N'chifukwa chake maukwati ambiri a Chiyuda amachitika Lamulungu masana. Amene ali ndi achibale a Seventh Day anazolowera kale zimenezi. Achikulire a Chiyuda amakondanso Lachiwiri, limene kwa iwo ndi tsiku lachitatu powerenga kuyambira Lamulungu, poti pa tsiku lachitatu la chilengedwe, mu Genesis 1, mawu oti kunali kwabwino alembedwa kawiri.

Kalendala ya Chiyuda imayendera mwezi, ndiye masiku ake amasuntha chaka ndi chaka. Pewani masiku awo opatulika: Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot cha mu September ndi October, Pasaka wa Ayuda cha mu March kapena April, ndi Shavuot. Osunga mwambo amapewanso mbali yaikulu ya masiku 49 a pakati pa Pasaka ndi Shavuot, kupatula tsiku la 33, komanso milungu itatu yolira kugwetsedwa kwa Kachisi wa ku Yerusalemu, imene imathera pa Tisha B'Av, cha mu July kapena August. Kumbali yanu, Mkatolika samanga ukwati Lachisanu Loyera ndi Loweruka Loyera, ndipo mipingo yambiri sikonda nyengo ya Lenti. Lembani masiku atatu, mutumize kwa rabi ndi kwa abusa, holo ndiye ibwere pambuyo.

Malo abwino kwambiri ndi apakati: munda, holo, hotelo, m'mbali mwa madzi. Achibale a Orthodox salowa m'tchalitchi, ndipo masunagoge ena salola ukwati wotere mkati. Ukwati wa Chiyuda susowa nyumba yopatulika, chimene umasowa ndi chuppah, nsalu yoyalidwa pamwamba pa mitengo inayi, yotseguka mbali zonse, chizindikiro cha nyumba yatsopano. Potchula mawuwa musayambe ndi ch wathu wa mu chimanga. Amachokera kukhosi, ngati hupa. Nsaluyo ikhoza kukhala tallit, nsalu imene Ayuda amafunda popemphera, ya agogo ake a mnzanu, ikhoza kukhala chitenje cha amayi anu, kapena zonse ziwiri zosokedwa pamodzi. Mitengo inayi ija apatseni anthu anayi, awiri a uku awiri a uko.

Khalani ndi rabi pa mawu, mzere ndi mzere

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo apa m'pamene rabi wabwino amaonekera. Muyezo wake ndi umodzi: aliyense wa inu anene mawu okhawo amene angawanene osanama.

Yambani ndi mphete. Mwa mwambo imakhala yosalala, yopanda miyala, ndipo mkwati amaiveka ku chala chamkombaphala cha dzanja lamanja, akunena m'Chiheberi kuti mkaziyo wapatulidwa kukhala wake ndi mphete iyi monga mwa chilamulo cha Mose ndi Israele. Mawu omalizawo ndi a Ayuda awiri, ndiye arabi ambiri amawasintha. Ambiri amatenga Nyimbo ya Solomo 6:3, "Ani l'dodi v'dodi li", kutanthauza kuti ine ndine wa wokondedwa wanga ndipo wokondedwa wanga ndi wanga. Ena amatenga Hoseya 2:19-20, pamene pali mawu a kutomera kosatha. M'Mabaibulo a Chiyuda ndime zomwezo ndi 21 ndi 22, musasokonezeke posindikiza pulogalamu.

Dzina la Mulungu ndi nkhani imene Mchewa angapunthwe nayo osadziwa. Ayuda satchula dzina lake la zilembo zinayi za Chiheberi, limene ife timati Yehova. Popemphera amati Adonai, pocheza ambiri amati Hashem. Buku Lopatulika lathu lili ndi Yehova paliponse, ndipo nyimbo zathu zambiri zili chimodzimodzi. Ngati wina adzawerenga m'Chichewa, tengani Buku Loyera limene limati Chauta, kapena mupangane kuti azinena Ambuye. Onaninso nyimbo za kwaya ndi diso lomwelo. Ndipo pa pulogalamu musalembe Chipangano Chakale; kwa iwo si chakale, ndi Tanakh. Lembani dzina la buku, mutu ndi ndime basi.

Za dzina la Yesu musazembe. Kwa Mkhristu pemphero losatha ndi "m'dzina la Yesu" limamveka ngati nsima yopanda ndiwo. Kwa Myuda, pemphero lotere lonenedwa m'malo mwa onse limamutsekera kunja, sangayankhe Amen. Mabanja ambiri amagwirizana kuti pansi pa chuppah onse azipemphera kwa Mulungu Mlengi, Mulungu wa Abrahamu, ndipo pemphero la Chikhristu lenileni lichitike pa chinkhoswe kapena kunyumba m'mawa wa tsikulo. Ena amalola abusa kunena poyera kuti tsopano apempherera mwana wawo monga mwa chikhulupiriro chake. Zonse n'zotheka, bola pasakhale chodzidzimutsa.

Zowerenga zimene sizikhumudwitsa munthu zilipo zambiri: Genesis 2, Mlaliki 4:9-12, Masalimo, ndi mdalitso wa Aroni pa Numeri 6:24-26, umene rabi angaunene m'Chiheberi abusa n'kumabwereza m'Chichewa mzere ndi mzere. M'Chipangano Chatsopano arabi ambiri amalola 1 Akorinto 13, poti imakamba za chikondi osatchula dzina lililonse. Rute 1:16 timaikonda pa maukwati, koma samalani nayo. Kwa Ayuda, mawu a Rute oti anthu anu adzakhala anthu anga ndi Mulungu wanu Mulungu wanga ndi mawu a munthu wolowa Chiyuda. Mkhristu akawanena pansi pa chuppah, theka la holo lidzamva kuti watembenuka.

Nyimbo yolowera mkwatibwi ija yotchuka, ya Richard Wagner, isiyeni. Mwini wake analemba zonyoza Ayuda poyera ndipo a Nazi ankamutamanda.

Palinso ketubah, kalata ya pangano la ukwati. Yachikale imalembedwa m'Chiaramu, imatchula udindo wa mwamuna kwa mkazi, ndipo amasainira ndi mboni ziwiri za Chiyuda zosakhala pa ubale ndi akwati. Ya banja ngati lanu imalembedwa mwina, ndi malonjezo a onse awiri. Musagule rabi asanaone mawu ake ndi kalembedwe ka maina m'Chiheberi, ndipo mumufunse amene angakhale mboni. Akalola, ankhoswe a mbali zonse ndiwo oyenera cholembera chimenecho. Itanitsani padakali miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa zambiri zimajambulidwa pamanja.

Konzani mitima ya makolo

Banja la Chiyuda likaoneka lozizira, musafulumire kunena kuti ndi kunyada kapena tsankho la khungu, ngakhale kuti nalonso limapezeka mwa anthu. Ayuda pa dziko lonse ndi ochepera 16 miliyoni, Amalawi tikuwaposa. Anataya anthu 6 miliyoni m'manja mwa a Nazi, ndipo kalekale, monga ku Spain mu 1492, ankauzidwa kuti asankhe ubatizo kapena kusamuka. Mayi wa Chiyuda akamva kuti mdzukulu wake adzabatizidwa, amamva ngati mzere wa makolo ake wadukira pa iye. Mayi wa Mvano nayenso akamva kuti mdzukulu sadzabatizidwa, sagona tulo. Onse awiri akulira chinthu chimodzi. Pemphani rabi kuti akumane ndi makolo anu, ndipo abusa akumane ndi makolo a mnzanu, ngakhale pa foni ya kanema. Wachibale wa Orthodox akapepesa kuti sabwera, musamuikire mlandu. Ndipo akabwera n'kukana kugwira chanza munthu yemwe si mwamuna kapena mkazi mnzake, ndi mwambo, si mwano.

Inunso afotokozereni zathu. Ankhoswe ndi ndani, tambala ndi thadzi akusinthanitsidwa chifukwa chiyani pa chinkhoswe, khasu ndi lichero zikutanthauzanji. Ngati kwanu kuli malowolo, nenani msanga ndipo mufotokoze kuti si kugula munthu.

Chakudya

Funsani mnzanu kuti ndi angati mwa abale ake amasunga kosher, malamulo a Chiyuda a zakudya, ndipo amasunga motani. Malamulo ake akuluakulu ali pa Levitiko 11: nkhumba ayi, nkhanu ndi zina za m'zigoba ayi, nsomba ikhale ya mamba ndi zipsepse. Chambo chikulowa, kampango ndi mlamba ayi. Nyama ndi mkaka sizikumana pa chakudya chimodzi, ndiye mpunga wothira batala pambali pa nkhuku walakwa kale, chimodzimodzi keke ya kirimu pambuyo pa nyama. Mbuzi ndi nkhuku n'zololedwa, koma ziyenera kuphedwa ndi wodziwa mwambo wawo. Njira yosavuta ndi phwando la nsomba ndi zamasamba: nsima, mpunga, chambo, nyemba, nkhwani wotendera. Kwa osunga kwambiri, itanitsani mbale zomata kuchokera kwa ophika ovomerezedwa ndi Beth Din, bwalo la arabi la mumzinda wanu, ndipo zifike patebulo zisanatsegulidwe. Vinyo wa pansi pa chuppah akhale wa kosher, ndipo woyera ndiye wabwino, chifukwa dzanja lonjenjemera ndi diresi loyera sizigwirizana. Ngati mpingo wanu umaletsa mowa, madzi a mphesa a kosher amaloledwa.

Tsiku lenilenilo

Chitani zoyeserera Lachinayi kapena tsiku lina losakhala la Sabata, osati Loweruka masana. Sindikizani kapulogalamu kofotokoza mwambo uliwonse m'mizere iwiri, ndipo pakhomo paikidwe dengu la tizipewa ta kippah. Amuna a Chikhristu angavale mwa ulemu, sikuti alowa Chiyuda.

Mwambo umayamba m'kachipinda, anthu ochepa, posainira ketubah. Ena amachitanso bedeken, pamene mkwati amayang'ana nkhope ya mkwatibwi n'kumuphimba velo yekha, pokumbukira Yakobo amene anapatsidwa Leya m'malo mwa Rakele. Polowa, mkwati amaperekezedwa ndi bambo ndi mayi ake, mkwatibwi chimodzimodzi, ndipo makolo amaima pambali pa chuppah mpaka pomaliza. Auzeni amayi anu avale nsapato zoti aime nazo theka la ola. Mkwatibwi amazungulira mkwati ka 7. Masiku ano ambiri amagawana, uyu katatu, uyo katatu, komaliza limodzi. Pamatsatira mdalitso wa vinyo, malumbiro, mphete, kuwerenga ketubah, kenako madalitso 7 otchedwa Sheva Brachot. Amatamanda Mulungu chifukwa cha vinyo, chilengedwe, munthu wolengedwa m'chifanizo chake, ndi chimwemwe cha mkwati ndi mkwatibwi. Apa ndi pabwino kugawira achibale: rabi aimbe m'Chiheberi, azakhali kapena amalume awerenge tanthauzo m'Chichewa.

Pomaliza mkwati, kapena onse awiri, amaponda tambula n'kuiswa. Ichi chokha musalephere kuwauziratu akwanu, chifukwa kwa ife chinthu kusweka pa ukwati ndi malodza, ndipo mudzaona azimayi akugwira pakamwa. Kwa Ayuda ndi chikumbutso cha Kachisi wa ku Yerusalemu amene Aroma anagwetsa m'chaka cha 70, kuti ngakhale pa chimwemwe chachikulu munthu asaiwale zosweka za m'dziko. Sankhani tambula yopyapyala, muikulunge m'nsalu yokhuthala, ndipo wopondayo avale nsapato yolimba pansi. Ikangoti phwa, onse amafuula "Mazal tov!" Nthungululu zilowe pomwepo, zimagwirizana bwino zedi.

Kenako akwati amalowa m'chipinda awiriwiri kwa mphindi ngati 10, mwambo wa yichud, kukapuma ndi kulawa kanthu. Woyendetsa mwambo adziwe, asayambe kuwafunafuna pa maikolofoni. Kuphwando kumadalitsidwa mkate wa challah, kenako gule wa hora, pamene akwati amanyamulidwa m'mwamba ali pa mipando. Pezani mipando iwiri yolimba, ya zogwirira m'mbali, osati yopinda ija, ndi anyamata anayi amphamvu pa mpando uliwonse.

Perekaniperekani ndiye adzadabwitsa alendo anu. Iwo anazolowera kupereka mu envulopu mwakachetechete, kawirikawiri ndalama yogawika ndi 18, monga 180 kapena 360, chifukwa zilembo za mawu oti chai, moyo, zimawerengedwa 18. Alembereni pa khadi kuti abwere ndi ndalama zing'onozing'ono zoponya akuvina, ndipo woyendetsa mwambo aitane mbali yawo mwa maina a ubale monga achitira ndi yanu. Afupikitseko, maola atatu a perekaniperekani mlendo sangawapirire.

Sankhiranitu munthu mmodzi wosamwa, ntchito yake ikhale yotolera ketubah, kapu ya vinyo, nsalu ya chuppah, zidutswa za tambula ndi pepala la boma limene rabi wasainira. Ku America pepalalo limayenera kubwezedwa ku ofesi imene munalitenga masiku oikika asanathe, ndiye pangananitu kuti wokapereka ndi rabi kapena inu. Ndipo ngati ulendo wa kokasangalala mwaukonza m'mawa mwake, yambani mwafunsa apongozi: m'mabanja osunga mwambo, achibale amaitana akwati ku chakudya madzulo alionse kwa masiku 7, n'kumabwereza madalitso aja patebulo.